Mpira wa ku Ashbourne: kodi mlendo akaonerere ali patali, kapena alowemo?

Nambewe, Derby

Moni nonse a pa gulu lino, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi funso, popeza safunsa anadya phula. Kuntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Derby ku England, kuli mayi wina wachizungu amene timagwira limodzi shifiti ya usiku, ndipo kwawo ndi ku Ashbourne, tauni yaing'ono imene ili pa mtunda wa mamailosi 13 kuchokera kuno. Mayiyu wakhala akundikakamiza kuyambira pa Khirisimasi kuti ine ndi banja langa tikaonerere mpira wa kwawo, umene umaseweredwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachiwiri lake, ndipo chaka chino cha 2026 masikuwo ndi 17 ndi 18 February. Iye anapemperatu tchuthi cha masiku awiriwo chaka chatha, ndipo akunena kuti ngakhale akanamukaniza akanapitabe. Nditaona mavidiyo pa YouTube ndinachita mantha, chifukwa sindinaonemo mpira ayi, koma chikhamu cha amuna akukankhana m'misewu ndi mumtsinje, ena magazi ali chuchuchu pamphumi. Bambo a kunyumba kwathu, m'malo moopa, akuti iwo akufuna akalowemo ndithu. Ana athu awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5, adzakhala ali pa holide sabata imeneyo. Ndikupempha amene anafikako atiuze zoona: kodi ndi malo oti mayi n'kupita ndi ana, kodi munthu wakuda amamulandira bwanji kumeneko, nanga mlendo amaloledwa kusewera?

aPhiri, Nottingham

Zikomo Nambewe chifukwa cha funsoli. Ine ndinapitako kawiri, mu 2019 ndi mu 2025, ndipo ndiyesa kufotokoza zimene ndinaona kuti mukakambirane bwino ndi bambo a kunyumba.

Muyambe mwaiwala mpira umene mukuudziwa. Kulibe bwalo, kulibe mizere, kulibe yunifolomu, ndipo palibe amene amawerenga osewera. Bwalo lake ndi tauni yonse pamodzi ndi minda ndi mtsinje womwe. Pakati pa tauniyo pamadutsa kamtsinje kotchedwa Henmore. Obadwira kumpoto kwa kamtsinjeko, ndiye kuti a kumtunda, amatchedwa Up'Ards, ndipo obadwira kumwera, a kumunsi, ndi Down'Ards, ngakhale kuti masiku ano ana ambiri amabadwira kuchipatala cha kunja kwa tauniyo, moti munthu amangotsata mbali ya makolo ake. Magolo alipo awiri, otalikirana mamailosi 3, lina ku Sturston lina ku Clifton, kumene kale kunali zigayo zoyendera madzi. Chimene chinandisokoneza tsiku loyamba n'chakuti mbali iliyonse imalimbikira kupita ndi mpira ku golo la kwawo, osati la adani: a Up'Ards amakagoletsa ku Sturston, a Down'Ards ku Clifton. Zigayozo zinagwetsedwa kalekale, ndiye mu 1996 anamanga zipilala za miyala m'mphepete mwenimweni mwa madzi n'kuikamo mwala wa mphero, kotero kuti wogoletsa amayenera kulowa m'madzi ozizirawo ndi kumenyetsa mpira katatu pamwalapo.

Mukafika m'mawa mudzapeza akalipentala akukhomera matabwa pamawindo a masitolo, ngati kukubwera chimphepo chamkuntho. Nthawi ikamayandikira 2 koloko masana, anthu onse amasonkhana pamalo oimikapo magalimoto otchedwa Shawcroft, pamene pali nsanja ya njerwa. Amaimba nyimbo yakale ija ya ku Scotland yolowera chaka chatsopano, kenako nyimbo ya fuko lawo, ndipo munthu amene walemekezedwa chaka chimenecho amaponya mpira m'chikhamumo. Mpirawo ndi waukulu kuposa wamasiku onse, wachikopa, wojambulidwa ndi manja mokongola kwambiri, ndipo m'kati mwake amaikamo zinyenyeswa za khungwa lopepuka lija amatsekera mabotolo a vinyo, n'cholinga choti uziyandama ukagwera m'madzi. Muuyang'anitsitse nthawi imene uli m'manja mwa woponyayo, chifukwa ukangotera pansi mwina simudzauonanso kwa ola lathunthu.

Chimene mudzaona ndi mpanipani wa amuna mazanamazana atapanikizana phewa ndi phewa, mitu ili pansi, umene eni ake amautcha hug. Chimulu cha anthucho chimatha kukhala pamalo amodzi mphindi 40 chikungogwedezeka, nthunzi ikutuluka pamwamba pake ngati mphika wa nyemba umene wavundukulidwa, kenako mwadzidzidzi chimasuntha n'kuthyola mpanda kapena kugwera mumtsinje. Kunja kwake kumaima anyamata owonda, aliwiro, amene amangodikira kuti mpira ukaponyedwa kunja authawitse. Masewera amatha 10 koloko usiku, kapena msanga ngati wina wagoletsa kutada. Chigoli chikalowa dzuwa likadalipo amaponya mpira wina.

Za khungu lathu, ndinene mosabisa kuti tauniyo ndi ya azungu pafupifupi okhaokha, ndipo anthu akuda amene ndinawaona tsiku lonse ndikanatha kuwawerenga ndi zala. Komabe palibe amene anandinyoza. Funso limene ndinkafunsidwa silinali lija timatopa nalo lakuti kwanu kwenikweni n'kuti, koma lakuti kodi ndiwe wa kumtunda kapena wa kumunsi, ndipo nditayankha kuti sindikudziwa, bambo wina anaseka nati ndisankhe msanga kusanade.

Nangozo, Leicester

Achemwali anga Nambewe, ine ndiyankhula monga namwino komanso monga mayi. Ku Ashbourne sindinafikeko, koma ndinaonerera mpira wofanana nawo ku Atherstone, m'chigawo cha Warwickshire, umene umachitika Lachiwiri lomwelo mumsewu umodzi wotchedwa Long Street kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko. Poyamba pamakhala posangalatsa, ana akuponyeredwa maswiti ndipo aliyense akumenyako chimpira chachikulucho, koma mphindi zomalizira zimasanduka nkhonya zenizeni, chifukwa wopambana ndi amene wagwira mpira nthawi ikamatha. Ndinaona mnyamata akutuluka m'khonde la sitolo malaya atang'ambika mpaka m'chiuno, diso litatupa, ndipo ndinadziwa kuti usiku umenewo anzanga a kuchipatala sagona. Zovulala za masewera otere ndi nthiti, mapewa oguluka, akakolo ndi mano. Tsono bambo a kunyumba kwanu adzifunse kuti akathyoka nthiti n'kukhala milungu isanu ndi umodzi osagwira ntchito, lendi alipira ndani, popeza tonse tikudziwa kuti ndalama zimene munthu amalandira akadwala kuno n'zochepa poyerekeza ndi malipiro, ndipo ambiri a ife pepala lathu lokhalira m'dziko muno lamangiriridwa ku ntchito. Eni ake akavulala amakagona kwa amayi awo mumsewu wachiwiri. Ife amayi athu ali ku Dedza ndipo akudikira kuti tiwatumizire ya feteleza.

aPhiri, Nottingham

Mayi Nangozo anena zoona, ndipo ndiwonjezere zimene zinandichitikira ine, kuti pasakhale woganiza kuti ndikukometsa zinthu. Ulendo woyamba ndinaima mumsewu wina wopapatiza ndikujambula ndi foni, ndikudziona ngati ndili kutali, poti chimulu cha anthu chinali patsogolo panga ngati mayadi 30. Sindinadziwe kuti mpira waponyedwa kumbali yanga. Ndinangomva chiphokoso, ndipo ndisanatembenuke n'komwe ndinapezeka msana uli kukhoma, mapazi asakugunda pansi, mpweya ukukanika kulowa. Amene anandipulumutsa ndi gogo wina wamkazi, wa zaka mwina 70, amene anandikoka kolala ya jekete n'kundilowetsa pakhomo pa nyumba yake, ndipo atatseka chitseko anandidzudzula ngati mdzukulu wake kuti munthu saima pakati pa hug ndi khoma. Nsapato yanga ya kumanzere inatsala kunja, ndipo ndinakaipeza patapita nthawi itapondedwa mpaka kuphwatalala ngati chikondamoyo. Ndinabwerera ku Nottingham nditavala jombo za mwamuna wa gogoyo, zimene ndinakabweza patatha sabata.

Kusiyana kwa Ashbourne ndi Atherstone n'kwakuti ku Ashbourne malo ndi otakasuka ndipo nthawi ndi yaitali, motero woonerera ali ndi kothawira. Ndinaona amayi ambiri ali ndi ana m'zikuku, koma onse ankaima pamalo okwera, kapena pamlatho mpira ukakhala m'madzi, ndipo ankadziwa nthawi yochoka. Ngati mupita ndi ana, Nambewe, musasiyane ndi mnzanu wa kuntchito uja, chifukwa iye amawerenga kayendedwe ka chikhamucho monga mmene ife timawerengera mitambo ya mvula. Wa zaka 5 akhale pamapewa a bambo ake kapena m'manja mwanu nthawi zonse, ndipo kukayamba kuda mubwerere, popeza usiku masewera amalowa m'minda mopanda magetsi, muli mawaya aminga ndi maenje, komanso ambiri oonerera amakhala atamwa kuyambira masana.

aChisale, Manchester

Pepani akuluakulu, ine nkhaniyi ikundipweteka mwa njira ina. Anthu awa agogo awo anabwera kwathu n'kutiuza kuti magule athu ndi achikunja ndiponso ankhanza. Amishoni analimbana ndi Nyau zaka zambiri, mpaka ana a m'midzi ankasankha pakati pa sukulu ndi dambwe. Lero tikumva kuti kwawo kuno amuna akuluakulu amatseka tauni masiku awiri, kuthyolana nthiti ndi kugumula mipanda ya anthu, ndipo zimenezo zimatchedwa chikhalidwe, mpaka dzina lake lili ndi mawu akuti Royal, kutanthauza zachifumu. Zikanachitika ku Lilongwe kapena ku Mchinji, nyuzipepala za kuno zikanalemba kuti ndi zipolowe. Ine sindikuona chifukwa choti Mmalawi awononge tsiku la ntchito ndi mafuta a galimoto kukaombera m'manja zinthu zimene eni ake akanatinyoza nazo tikanachita ndife.

aBanda, Coventry

Achimwene aChisale, mkwiyo wanu ndikuumva ndipo sindikuutsutsa wonse, koma mbiri ya mpirawu ikusonyeza chinthu chimene mwina chingakudabwitseni. Anthu a mtundu womwewo amene ankaletsa magule kwathu, ndiye kuti akuluakulu a boma, a mipingo ndi eni chuma, ndi amenenso ankalimbana ndi mpira umenewu kwawo kuno, ndipo mawu amene ankagwiritsa ntchito ndi omwewo: uchinyama, uchidakwa, kutaya nthawi ya ntchito. Mu 1314, m'nthawi ya Mfumu Edward II, mpira unaletsedwa mumzinda wa London chifukwa cha phokoso ndi chisokonezo. Mu 1835 panakhazikitsidwa lamulo la misewu limene linaletsa kusewera mpira pamsewu waukulu. Ku Derby kumene mukukhala inu Nambewe kunali mpira wa mtundu womwewu, wa pakati pa anthu a parishi ya All Saints ndi a parishi ya St Peter, ndipo mu 1846 akuluakulu a mzinda anachita kuitana asilikali kuti authetse, ndipo unatheratu. Ena amanena kuti mawu akuti derby, amene timatchulira masewera a matimu a mzinda umodzi monga Bullets ndi Wanderers, anachokera pamenepo, ngakhale kuti ena amati anachokera ku mpikisano wa mahatchi.

Ku Ashbourne nakonso apolisi anayesa kangapo m'zaka za m'ma 1800, anthu ankalipitsidwa faindi, koma eni mudzi anakana kusiya. Pamene mpira wamakono unkalembedwa malamulo ake ku London mu 1863, masewera a m'midzi ngati amenewa anali akutha m'madera ambiri, ndipo otsalawo anatsala chifukwa cha liuma la anthu wamba. Ulemu wachifumu unabwera mochedwa, zinthu zitapulumuka kale: mu 1928 mwana wa mfumu, amene pambuyo pake anakhala Edward VIII, anabwera kudzaponya mpira, ndipo mu 2003 Charles, amene lero ndi mfumu, anachitanso chimodzimodzi. Kodi si mmene zinayendera ndi Gule Wamkulu, amene ankanyozedwa zaka zonsezo kenako mu 2005 bungwe la UNESCO n'kumulengeza kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi? Ine ndikapita ku Ashbourne ndimakaona adzukulu a anthu amene anakana kumvera atsamunda a kwawo.

Chaka chenicheni chimene mpirawu unayamba sichidziwika, chifukwa zolembedwa zakale zinapsa ndi moto m'zaka za m'ma 1890. Chodziwika n'chakuti ngakhale pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu sunaime. Unalephereka mu 1968 ndi mu 2001 chifukwa cha matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, poti osewera amadutsa m'mafamu, ndiponso mu 2021 chifukwa cha Covid.

aChisale, Manchester

Mwalongosola bwino aBanda, ndipo za Derby sindinkazidziwa. Komabe kusiyana kulipo: awa anakanizidwa ndi abale awo, pamene ife tinakanizidwa ndi alendo m'dziko lathu lomwe. Ndingovomera kuti mlimi wa ku Ashbourne si amene anatseka madambwe a kwathu, ndipo sindiletsa wina aliyense kupita. Ine ndekha ndidzakhala ku ntchito.

aGama, Derby

Moni akuluakulu. Ine ndine bambo a kunyumba amene akunenedwa pano, ndipo ndaona kuti ndidziyankhire ndekha mlandu usanagamulidwe ndili kunja. Ndinakulira ku Ndirande, kumene tinkasewera mpira wachikulunga pafumbi opanda nsapato, wopanda woimbira, ndipo masewera ankatha pokhapokha mwini mpira akaitanidwa kukadya. Ndakhala m'dziko muno zaka 4, ndipo moyo wanga ndi nyumba, basi, fakitale, nyumba. Anansi anga sindiwadziwa mayina. Nditaona mavidiyo aja ndinaona koyamba azungu akugwirana, akutuluka thukuta limodzi, mwana ndi bambo ake ali m'matope amodzi, ndipo mtima wanga unati apa pokha pali mudzi. Sindikufuna kukamenya munthu ayi. Ndikufuna ndikaike phewa langa pamsana pa wina n'kukankha nawo, kuti ndidzauze adzukulu anga kuti ku England sindinangogwirako ntchito. APhiri, inu amene munafikako, kodi lamulo likundiletsa?

aPhiri, Nottingham

Lamulo silikukuletsani, aGama. Malamulo olembedwa ndi ochepa kwambiri: osapha munthu, osanyamula mpira pa galimoto, osaubisa m'chikwama kapena m'chikhoti, osalowa kumanda, pabwalo la tchalitchi kapena m'munda wa chikumbutso cha asilikali, ndiponso osasewera 10 koloko ikadutsa. Mlendo aliyense akhoza kulowa n'kukankha. Koma pali malamulo ena osalembedwa, ndipo amenewo ndi amene ali ndi mphamvu. Mpira ukayandikira golo, osewera a mbali imeneyo amagwirizana okhaokha kuti agoletse ndani, kawirikawiri pochita maere pakati pa anthu amene akhala akusewera zaka zambiri, ndipo mlendo salowa nawo m'maerewo. Wogoletsa amanyamulidwa pamapewa kubwerera naye m'tauni ndipo mpirawo umakhala wake mpaka kalekale. Ukapanda kugoletsedwa umabwerera kwa amene anauponya. Gogo amene anandipulumutsa uja anandionetsa mpira wa bambo ake uli m'kabati yagalasi pabalaza, ndipo mmene ankaufotokozera munthu ukanaganiza kuti akunena za manda a makolo. Pali amuna amene asewera zaka 30 osagoletsapo, ndipo sadandaula, chifukwa anakankhira m'bale wawo.

Ndiye ndinene chonchi, achimwene: kumeneko n'kofanana ndi pabwalo la gule kumudzi kwa eni. Mlendo amaloledwa kuima, kuomba m'manja, ngakhale kuponya ndalama, koma sathamangira pakati kukagwira ng'oma. Ulendo wanga wachiwiri ndinalowako kumapeto kwa chimulucho, kunja kwenikweni, mpira uli m'munda wina wamatope. Ndinatsamira msana wa bambo wina wonenepa n'kukankha mwina mphindi 10, osadziwa n'komwe kumene mpira uli, fungo la thukuta, matope ndi mowa lili m'mphuno, mpaka wina anandimenya paphewa n'kundiuza kuti ndikukankhira mbali yolakwika. Tinaseka tonse, ndipo ndinatuluka miyendo ikunjenjemera. Ngati n'zimene mukufuna, n'zotheka, koma muchite m'munda, osati mumsewu wa makoma kapena mumtsinje, muchotse magalasi, wotchi ndi foni, mumange zingwe za nsapato kawiri, ndipo mukagwa mufuule, chifukwa mwambo wawo ndi wakuti munthu akagwa onse amabwerera m'mbuyo kuti adzuke.

Namwale, Aberdeen

Nkhani ya mlendo yandikumbutsa za ku Kirkwall, ku zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland, kumene ndinagwirako ntchito miyezi ingapo. Kumeneko mpira wotere amautcha Ba' ndipo umaseweredwa pa Khirisimasi ndi pa tsiku loyamba la chaka, wa anyamata m'mawa, wa akuluakulu 1 koloko masana, kuyambira patsogolo pa tchalitchi chachikulu cha St Magnus. Mbali zake ndi Uppies ndi Doonies. A Doonies amapambana akauponya m'nyanja padoko, a Uppies akaugunditsa pakhoma lina kumtunda kwa tauni. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti iwo anaganizira kale za obwera: mwambo wawo umati mlendo amakhala wa mbali imene analowera m'tauni tsiku loyamba. Ine ndinafika pa sitima ya pamadzi n'kutsikira padoko, ndiye anzanga anandiuza kuti ndine wa Doonies mpaka imfa, ndipo sanandifunse maganizo anga. Nkhaniyi ndi yaing'ono, koma m'zaka zonse zimene ndakhala kuno palibenso pena pamene ndinapatsidwa mbali popanda kulemba fomu.

aJere, Rome

Ine ndili ku sukulu kuno ku Italy, ndipo ndikufuna kuwonjezera za ku Florence kuti muone kusiyana kwake. Kumeneko kuli mpira wotchedwa calcio storico, umene umaseweredwa m'mwezi wa June pabwalo la Santa Croce atathirapo mchenga, ndipo ndime yomaliza imakhala pa 24 June, tsiku la Yohane Mbatizi, nkhoswe ya mzindawo. Matimu ndi anayi, a madera anayi akale a mzinda, ovala zobiriwira, zofiira, zoyera ndi zabuluu, osewera 27 mbali iliyonse, mphindi 50 popanda kupuma kapena kusintha wovulala. Kumeneko nkhonya ndi kugwetsana n'zololedwa poyera, ndipo a kutsogolo amayamba kumenyana mpira usanapite patali. Anthu a ku Florence amanyadira masewera a pa 17 February 1530, amene anaseweredwa mzinda utazingidwa ndi asilikali a Mfumu Charles V pofuna kuwasonyeza kuti sakuwaopa. Pambuyo pake mwambowo unazilala, ndipo unadzutsidwanso mu 1930. Koma woonerera amagula tikiti n'kukhala pampando kuseri kwa mpanda, ndipo ngakhale utalimba mtima chotani sungalowemo. Ndinatuluka ndili wodabwa koma wosakhudzidwa, ngati ndaonera nkhonya pa kanema. Zimene akufotokoza aPhiri n'zina, chifukwa ku Ashbourne palibe mpanda pakati pa wosewera ndi woonerera, ndipo ndikuganiza kuti ngozi yake ndi kukoma kwake zonse zikuchokera pamenepo.

Nangozo, Leicester

Pali chinanso chimene sitinachikhudze. Tsiku lachiwiri la mpirawu ndi Lachitatu la Phulusa, tsiku losala kudya ndi kuyamba Lenti, ndipo kwa ife Akatolika si tsiku lokhala pakati pa mowa ndi phokoso. Ngati mupita, Nambewe, ine ndikanasankha Lachiwiri.

aBanda, Coventry

Mayi Nangozo, mwakhudza muzu wa nkhani yonse. Masewerawa anaikidwa pa masiku amenewa dala, chifukwa kale Lachiwirili linali tsiku lomaliza kudya mafuta, mazira ndi nyama anthu asanalowe m'masiku 40 a Lenti, ndipo antchito ndi ophunzira ntchito ankamasulidwa masana kuti akasangalale. Mapankeki amene ana athu amapanga kusukulu tsiku limenelo ndi mpira wa ku Ashbourne ndi ana a mimba imodzi. Ndiwonjezere kwa amayi a pa gulu lino kuti si masewera a amuna okha: mu 1943, amuna ambiri ali ku nkhondo, akazi awiri anagoletsa, wina mbali iyi wina mbali inayo. Ndipo kwa okonda mpira wamakono, ena mwa anthu amene anapatsidwapo ulemu woponya mpira ndi Stanley Matthews komanso Brian Clough, amene anaphunzitsapo Derby County ndi Nottingham Forest.

aPhiri, Nottingham

Za kayendedwe: ku Ashbourne sikufika sitima, ndiye ndi basi yochokera ku Derby, imene imatenga nthawi yosakwana ola limodzi, kapena galimoto pa msewu wa A52. Galimoto muisiye kunja kwa tauni kumene akulozerani oyang'anira, chifukwa chimulu chija sichizemba chilichonse chimene chaima panjira yake, ndipo ndinaona ndi maso anga galimoto ya mlendo wina itaphwanyidwa galasi la m'mbali ndi chitseko chitalowa m'kati. Basi yobwerera ikhoza kuchedwa kapena kusintha poimira misewu ikatsekedwa. Muvale jombo ndi masokosi awiriawiri, mutenge zovala zosinthira za ana m'jumbo, tiyi wa m'fulasiki ndi chakudya, popeza malo odyera amadzaza ndipo masitolo ambiri amatseka masana.

Nambewe, Derby

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga zonse kawiri. Usiku wapitawu pa shifiti ndinamufotokozera mnzanga uja zimene takambirana pano, ndipo nditafika pa nkhani ya Namwale ya ku Kirkwall ndinamufunsa kuti nanga ife tikhala mbali iti. Anandiyang'ana modabwa nati funsolo ndi lotha kale, chifukwa aliyense wodyera pakhomo pa amayi ake ndi wa Down'Ards, ndipo amayi akewo ayamba kale kufunsa ngati ana anga amadya soseji. Tagwirizana kuti tipita Lachiwiri lokha, tikaima ndi banja lake, ndipo tidzanyamuka kusanade. Za bambo a kunyumba, mchimwene wake wa mnzangayo, amene wasewera kuyambira ali mnyamata, wavomera kuti adzawatenga mpira ukalowa m'munda, ndipo adzawatulutsa yekha akaona kuti zafika poipa. Mayi Nangozo, mawu anu a feteleza ndawawerengera mokweza, ndipo alonjeza kuti mumtsinje salowamo.

aGama, Derby

Ndalonjeza za mumtsinje zokha. M'galimoto mwathu mwatsala malo a munthu mmodzi, ndipo tidzanyamuka pano 10 koloko m'mawa. AChisale, ngati ntchito ingakumasuleni, sitima ya ku Manchester mukasinthire ku Sheffield ndipo tidzakutengani pa siteshoni ya Derby. Jombo za saizi 9 zilipo zapadera.